Press ya turret kapena ya single-stage: mmene mungasankhire musanayambe kudzazanso zipolopolo

Mukayamba kutola zigoba za zipolopolo mukatha kuwombera, n'kumazisunga m'chitini m'malo mozisiya pansi, dziwani kuti funso la press, makina odzaziranso zipolopolo, lili pafupi kukupezani. Ambiri amafunsa kuti, "Ndi iti imene imatulutsa zipolopolo zambiri pa ola limodzi?" Pamenepo m'pamene amayambira kusochera. Press ya turret ndi ya single-stage zimagwiritsa ntchito ma die (zitsulo zoumbira chigoba) amodzimodzi, zonse zimakonza chigoba chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo mkono wanu umakoka chogwirira maulendo ofanana. Kusiyana kwenikweni kuli pa dongosolo la ntchito, makamaka pa nthawi imene maso anu amapeza mpata wosuzumira m'chigoba muli wonga. Nkhaniyi sindiitenga mopepuka, chifukwa chipolopolo chimene mwadzaza patebulo panu chimakaphulikira pafupi ndi nkhope yanu, ndipo nthawi zina pambali panu pamakhala mnzanu.

Yambani ndi lamulo

Musanayang'ane chitsulo chilichonse, dziwani zimene lamulo la dziko lanu likunena. Kudzazanso chigoba ndi kupanga chipolopolo, ndipo maboma ambiri amaziona choncho. Ku United States lamulo la boma lalikulu limalola munthu woyenera kukhala ndi mfuti kudzidzazira zipolopolo zake popanda laisensi yapadera, bola asachite bizinesi yozigulitsa. Ku Germany simungagule wonga musanachite maphunziro ndi kulandira chilolezo motsatira lamulo la zinthu zophulika. Kwina laisensi ya mfuti payokha sikupatsani ufulu umenewu, ndipo kupezeka ndi wonga kapena ma primer (tizitsulo toyatsa wonga) m'nyumba ndi mlandu. Pitani kwa amene anakupatsani laisensi, mufunse za kudzaza, za kuchuluka kwa wonga ndi ma primer amene mungasunge, komanso za kasungidwe kake. Akakana, nkhani yathera pomwepo. Zonse zili m'munsimu n'za munthu wololedwa.

Mvetsani chimene press imachita

Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: chigoba cha mkuwa, primer yomwe imayatsa moto ikamenyedwa, wonga, ndi mutu umene umauluka. Mukawombera, zitatu zimatha ntchito, chigoba n'chimene chimatsala. Chimatuluka m'mfuti chitafufuma pang'ono, chifukwa mphamvu ya moto inachikankhira ku makoma a chamber, malo amene chipolopolo chimakhala m'mfuti. Kuti chigwirenso ntchito muyenera kuchitsuka, kuona ngati chilibe mng'alu, kuchibwezera pa kukula kwake koyamba, kuchotsa primer yakale, kuika yatsopano, kuthira wonga woyezedwa, kukhazika mutu, ndipo pa mitundu ina kufinya mlomo wa chigoba kuti ugwire mutuwo zolimba.

Press imangochulukitsa mphamvu ya mkono wanu. Mukatsitsa chogwirira, ndodo yonenepa yachitsulo yotchedwa ram imakwera n'kukankhira chigoba, chomwe chakhala pa kachitsulo kochigwira kotchedwa shell holder, m'kati mwa die yomangidwa pamwamba. Die ndi imene imaumba chigoba, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Ma die ambiri ali ndi kapotedwe kamodzi, ka 7/8 inchi ndi mizere 14 pa inchi iliyonse, choncho die ya RCBS imalowa pa press ya Lee, ya Redding imalowa pa ya Lyman. Mtima ukhale m'malo: ngakhale mutalakwitsa posankha press, ma die anu satayika, mudzasamuka nawo.

Single-stage ili ndi bowo limodzi pamwamba. Mumamanga die imodzi, n'kudutsitsa zigoba zonse, kenako mumamasula, n'kumanga die yotsatira. Yodziwika kwambiri mwina ndi Rock Chucker ya RCBS, kampani yomwe Fred Huntington anayambitsa mu 1943 ku Oroville, California.

Turret ili ndi mbale yozungulira pamwamba, yokhala ndi mabowo angapo. Lee Classic Turret ili ndi mabowo 4, ya RCBS ili ndi 6, Redding T-7 ili ndi 7, Lyman All-American 8 ili ndi 8. Ma die onse amakhala omangidwa kale, inu mumangotembenuza mbaleyo kuti die yofunika ifike pamwamba pa ram. Pa ya Lee pali kandodo kopota kamene kamatembenuza mbaleyo yokha mukamakoka chogwirira. Pa zinazo mumatembenuza ndi dzanja.

Musasokoneze turret ndi press ya progressive, monga zopangidwa ndi Dillon, yomwe imanyamula zigoba zingapo nthawi imodzi ndipo kukoka kulikonse kumagwetsa chipolopolo chathunthu. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo sindingailangize munthu amene sanadzazepo.

Tengani pepala, muwerengere

Apa ndi pomwe chisankho chimaphikidwira, choncho musathamangepo. Lembani mtundu uliwonse wa chipolopolo umene mumawombera, ndi kuchuluka kwake pa mwezi. Lembani zimene munawomberadi m'miyezi 6 yapitayi. Zimene mukulakalaka kudzawombera zisalowe papepalapo, chifukwa n'zimene zimachititsa anthu kugula makina oposa ntchito yawo.

Kenako gawani mitunduyo pawiri. Gulu loyamba ndi zigoba zokhala ndi phewa ndi khosi ngati botolo, za mfuti zazitali: .308 Winchester, .30-06 Springfield, .375 H&H Magnum ndi zina zotero. Kawirikawiri izi zimafuna ma die awiri, imodzi yobwezera chigoba pa kukula kwake ndi kuchotsa primer, ina yokhazika mutu. Gulu lachiwiri ndi zigoba zopanda phewa, za pisitolo ndi revolver: 9mm Luger, .38 Special, .45 ACP. Izi zimafuna ma die atatu, chifukwa pamafunika ina yotambasula mlomo pang'ono kuti mutu ulowe bwino, ndipo ambiri amawonjezera yachinayi yofinyira mlomo payokha.

Tiyeni tiwerengere zipolopolo 100 za 9mm ndi ma die anayi. Pa single-stage mukoka chogwirira maulendo 400. Pa turret mukokanso maulendo 400, palibe ngakhale ulendo umodzi umene wachepa. Koma pa single-stage dzanja lanu lina lilowetsa ndi kutulutsa chigoba maulendo 400, pamene pa turret chigoba chimalowa kamodzi n'kutuluka chili chipolopolo chathunthu, ndiye kuti maulendo 100 okha. Maulendo 300 opulumutsidwawo ndiwo phindu lonse la turret, kuphatikizapo kusamasula ma die. Kwa munthu wowombera pisitolo mlungu uliwonse phindu limeneli ndi lalikulu. Kachigoba ka 9mm n'kakang'ono, kamaterera m'zala, ndipo kukagwira maulendo 400 usiku umodzi kumatopetsa mpaka maganizo amayamba kuyenda kwina. Kutopa koteroko n'kumene kumabala zolakwika.

Tsopano werengerani zipolopolo 20 za .308 Winchester, zimene mlenje angadzaze nyengo yosaka isanayambe. Ma die awiri, kukoka maulendo 40. Koma onani zimene zimachitika pakati pa die yoyamba ndi yachiwiri. Chigoba cha phewa chimafuna kupakidwa mafuta ake apadera chisanalowe mu die yoyamba, ndipo chikatuluka mafutawo ayenera kupukutidwa. Mkuwa umatalika pang'onopang'ono ukamafinyidwa mobwerezabwereza, choncho muyenera kuyeza kutalika kwa chigoba chilichonse, kudula chomwe chapitirira malire, ndi kusalaza mlomo wake. Kenako primer, kenako wonga, womwe ambiri owombera patali amayeza pa sikelo chigoba ndi chigoba. Ntchito zonsezi zimachitikira patebulo, kunja kwa press. Mufune musafune, chigoba chichoka pa shell holder. Ndiye turret yakupulumutsirani chiyani? Kumasula die kamodzi kokha, basi.

Mukayang'ana pepala lanu ndipo zambiri ndi za gulu loyamba, makumi ochepa pa mwezi, yankho layamba kale kuonekera. Zikakhala za gulu lachiwiri, mazana angapo pa mwezi, laonekeranso.

Funsani: kodi wonga ndidzauona liti?

Izi n'zimene zili pamtima panga kuposa zonse. Zolakwika ziwiri n'zimene zimavulaza anthu odzaza zipolopolo. Choyamba ndi kuthira wonga kawiri m'chigoba chimodzi. Wonga wa pisitolo umayaka msanga ndipo umafunika wochepa, moti m'chigoba chachitali ngati cha .38 Special miyeso iwiri imakwanamo bwinobwino osasefukira. Mutu umakhala pamwamba, kunja sikuoneka kanthu, koma mfuti ikhoza kung'ambika m'manja. Chachiwiri ndi kuiwala wonga. Primer yokha ili ndi mphamvu yokwanira kukankhira mutu m'mpope wa mfuti n'kuusiya momwemo. Wowombera akapanda kuzindikira kuti kulira kwake kunali kofooka, n'kuwomberanso, chipolopolo chachiwiri chimakumana ndi mpope wotsekeka.

Single-stage imakukakamizani kugwira ntchito m'magulu, ndipo m'menemo muli chitetezo chimene simuchita kuchikumbukira. Zigoba 50 zimaima pa thabwa la mabowo lotchedwa loading block, zonse zili ndi wonga, milomo ili m'mwamba. Musanakhazike mutu ngakhale umodzi, mumaimirira, kutenga tochi, n'kuunika mzere ndi mzere. Diso la munthu ndi lakuthwa pofanizira zinthu zoyandikana: chigoba chopanda kanthu chimaoneka chakuda pakati pa zinzake, chokhala ndi miyeso iwiri chimaoneka chodzaza kuposa zinzake. Ine ndinapezapo chopanda wonga mwa njira imeneyi, tsiku limene wina anandiitana pakhomo ndili pakati pa mzere. Nditabwerera ndinapitiriza ndi chigoba chotsatira, mtima uli phee kuti palibe chomwe ndadumpha. Tochi ndi imene inandiuza zoona.

Pa turret, mukamayendetsa chigoba chimodzi kuyambira die yoyamba mpaka yomaliza, thabwa lija kulibe. Palibe zigoba zinzake zofanizira. Kumbali ina pali ubwino wake: chigoba chimalandira wonga, nthawi yomweyo n'kulandira mutu, choncho mpata woti chithiridwe kawiri ndi wochepa ngati simubwerera m'mbuyo. Ngozi imabwera dongosolo likadukizidwa. Primer yakana kulowa bwino, mwatembenuza mbale kubwerera kuti mukonze, ndiye chigoba chadutsanso pansi pa chothirira wonga. Kapena wonga watsamwa m'chothirira, palibe chomwe chagwa, inu mwangokhazika mutu chifukwa dzanja lazolowera.

Mukasankha turret, dziikireni malamulo awa ndipo musawaphwanye. Ikani nyali yoti iziwala m'kati mwa chigoba chili pa shell holder, ndipo mukhale pamalo poti maso anu aziona m'katimo osachita kuwerama kwambiri; pakafunika ikani kagalasi kakang'ono. Mutu usakhudze mlomo wa chigoba musanaone wonga ndi maso anu. Chilichonse chikakudukizani, foni, mwana, kapena primer yovuta, chotsani chigobacho, khuthulani wonga, muyambenso. Pakadutsa zipolopolo zingapo, khuthulirani muyeso umodzi pa sikelo kuti mutsimikize kuti chothirira sichinasunthe. Ndipo pa press iliyonse, patebulo pazikhala chitini chimodzi chokha cha wonga, chomwe mukugwiritsa ntchito, chili ndi dzina lake.

Dzifunseni moona mtima ngati ndinu munthu wosunga malamulo otere pa chipolopolo cha 180, usiku, mutatopa. Ngati mukukayika, dongosolo la magulu likuyenerani, chifukwa limakuimitsani lokha.

Za kulimba ndi kulondola

Mudzamva anthu akunena kuti turret singapange zipolopolo zolondola chifukwa mbale yake imagwedera. Muli choonadi pang'ono, koma chimakokomezedwa. Mbale iyenera kukhala ndi kampata kuti izitembenuka, ndipo ram ikakankha mwamphamvu mbali imodzi, mbaleyo imafuna kupendekeka. Opanga amadziwa zimenezi. Redding T-7 ili ndi chochirikiza kumbuyo chomwe chimagwira mbale ikafuna kupendeka. Pa ya Lee mbale imakwera pang'ono n'kutsamira pa mphete yoizungulira. Chofunika n'chakuti kusunthako kukhale kofanana ulendo uliwonse. Kukakhala kofanana, ndipo die munaikhazika ram itakankha mpaka pamapeto, zipolopolo zimatuluka zofanana. Pa kusaka ndi pa kuwombera chandamale pa mtunda wamba, kusiyana kwake simudzakuona pa pepala la chandamale. Mfuti, wonga, mutu, ndi chala chanu zidzasiyanitsa zambiri kuposa mbaleyo.

Pamene single-stage imapambana popanda mkangano ndi pa ntchito yolemera. Kufinya zigoba zazikulu za magnum, kapena kuumba chigoba cha mtundu wina kuti chikhale cha mtundu wina, kumafuna chimango chosapindika. Apa yang'anani maonekedwe a chimangocho. Chooneka ngati chilembo O n'chotsekeka mbali zonse ndipo mphamvu imagawika mofanana. Chooneka ngati C n'chotseguka kutsogolo, zala zimalowa momasuka, koma chimatha kutambasuka pang'ono pa ntchito yolemera. Chachitsulo chosungunula n'cholemera ndi cholimba. Cha aluminiyamu n'chopepuka ndipo chimakwanira pa ntchito wamba. Palinso Forster Co-Ax, single-stage ya kapangidwe kakekake, momwe die imangolowetsedwa m'kampata osapota, ndipo die ndi chigoba zimaloledwa kusuntha pang'ono kuti zilunjikane zokha. Owombera patali ambiri amaikonda pa chifukwa chimenechi.

Onaninso kutalika kwa mpata pakati pa shell holder ndi die. Chipolopolo chachitali ngati .375 H&H Magnum chimafuna malo oti chigoba chiime, mutu ukhale pamwamba pake, zala zanu zikwanenso. Press ya mpata waufupi imakupanitsani zala pa chipolopolo chilichonse. Yezani chipolopolo chanu chachitali kuposa zonse, mufanizire ndi muyeso umene wopanga walemba.

Ngati muli ndi mitundu ingapo

Kale chodandaula chachikulu pa single-stage chinali kupota ndi kumasula ma die, ndi mantha akuti kakhazikidwe kasintha. Chodandaulachi chinachepa mphamvu. Die iliyonse ili ndi mphete yotsekera. Mukaikhazika bwino n'kumanga mpheteyo, die imabwerera pamalo omwewo ulendo uliwonse. Hornady ili ndi dongosolo la Lock-N-Load, Lee ili ndi la Breech Lock, momwe die imakhala m'kachitsulo kake n'kumalowa pa press pongopotoza pang'ono. Kusintha die kumatenga kamphindi.

Turret nayo ili ndi yankho lake, ndipo ndi lokoma: mumagula mbale ina ya mtundu uliwonse wa chipolopolo. Ma die a 9mm amakhala pa mbale yawo, a .38 Special pa yawo, osasunthidwanso. Pa ya Lee mbale imachoka pongoinyamula, pa zolemera ngati T-7 mumamasula bawuti yapakati. Pa turret ya mabowo 7 kapena 8 mukhoza kusiya ma die a mitundu itatu ya mfuti zazitali pa mbale imodzi. Munthu wokonda kuyesa kakhazikidwe kosiyanasiyana, wodzaza zisanu lero, zisanu mawa, amapeza mpumulo pamenepa. Musanagule, funsani ngati mbale zowonjezera zimapezeka mosavuta kumene mumagula, pakuti turret ya mbale imodzi yataya theka la ubwino wake.

Igwireni musanalipire

Mpata ukapezeka, ikani dzanja pa press. Kwezani ram mpaka pamwamba, muigwedeze uku ndi uku, isamasewere. Kokani chogwirira pang'onopang'ono, mumve ngati chikuyenda mosalala ulendo wonse. Pa turret, tembenuzani mbale, mumve ngati ikukhazikika motsimikiza pa bowo lililonse. Ngati ndinu wamanzere, onani ngati chogwirira chimasamutsika mbali ina. Press yogwiritsidwapo kale ntchito musaiope, zitsulo zimenezi zimatha zaka makumi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: penti yatsopano ikhoza kubisa mng'alu pa chimango, makamaka pafupi ndi mabowo a mabawuti ndi pomwe chogwirira chimalumikizana. Yang'ananinso dzimbiri pa ram ndi mizere yopotera die.

Funsani kumene ma primer akale amagwera. Pa press zina amadutsa m'kati mwa ram n'kutsikira m'kapaipi mpaka m'botolo. Pa zina amagwera m'kambale, ena n'kumwazikira pansi. Si nkhani ya ukhondo wokha. Ma primer ambiri ali ndi mankhwala a mtovu, ndipo fumbi lawo lakuda lili ndi mtovu umene umalowa m'thupi kudzera m'manja ndi m'kamwa. Musadye kapena kusuta patebulo limeneli, sambani m'manja mukamaliza, ndipo ana asamasewere pansi pake.

Tebulo nalo ndi mbali ya press. Press yabwino yomangidwa pa tebulo logwedera imagwira ntchito ngati yoipa. Imangeni ndi mabawuti odutsa thabwa lonse, okhala ndi mawashala aakulu pansi, pafupi ndi mwendo wa tebulo. Tebulo likhale lolemera kapena lomangiriridwa ku khoma. Pa turret yokhala ndi chothirira wonga pamwamba zimenezi n'zofunika koposa, poti kugwedera kosiyanasiyana kumasintha mmene wonga umakhalira m'chothiriramo.

Ndalama zisathere pa press

Ndaona anthu akugula press yapamwamba n'kutsala opanda ndalama ya sikelo yabwino. Kumeneko n'kuyamba ndi denga maziko kulibe. Wonga amauyeza mu grain, ndipo grain imodzi ndi pafupifupi mamiligalamu 65. Paundi imodzi ili ndi ma grain 7,000. Pa pisitolo, kachigawo ka grain imodzi kamasintha mphamvu ya chipolopolo. Sikelo yakukhitchini singakuthandizeni. Mukufunika sikelo yopangidwira ntchito imeneyi, pamodzi ndi timiyala toiyesera ngati ikunena zoona. Mukufunika caliper yoyezera kutalika, chodulira zigoba, loading block, magalasi oteteza maso omwe muzivala nthawi zonse mukamagwira ma primer, ndi chochotsera mutu pa chipolopolo chimene mukuchikayikira.

Pamwamba pa zonse mukufunika miyeso yofalitsidwa ndi opanga wonga kapena mitu, monga Hodgdon, Vihtavuori kapena Hornady, yomwe inayesedwa ndi makina oyezera mphamvu ya moto motsatira malire oikidwa ndi bungwe la SAAMI ku America kapena la C.I.P. ku Ulaya. M'nkhani ino sindilemba muyeso wa wonga ngakhale umodzi, ndipo musatenge muyeso kwa munthu wosadziwika pa intaneti. Yambirani pa muyeso wotsika umene wafalitsidwa, wa wonga womwewo ndi mutu wolemera chimodzimodzi, ndipo musapitirire wapamwamba. Richard Lee anayamba mu 1958 ndi kachida kodzazira pamanja kopanda press n'komwe, ndipo anthu ankapanga nako zipolopolo zabwino, chifukwa ankatsata muyeso wolembedwa. Ndalama zikakhala zochepa, gulani press yotsika mtengo ndi sikelo yabwino.

Tsopano sankhani

Ngati mumadzazira mfuti yaitali, ya kusaka kapena yowombera patali, makumi ochepa pa mwezi, gulani single-stage ya chimango cha O, yachitsulo chosungunula. Simudzaisiya. Ngakhale mutadzagula makina aakulu m'tsogolo, iyi idzakhalabe pakona pa tebulo, yochotsera ma primer akale, yofinyira zigoba zolimba, yoyesera zipolopolo zochepa za muyeso watsopano.

Ngati mumawombera pisitolo kapena revolver, mazana angapo pa mwezi, gulani turret. Single-stage idzakutopetsani, ndipo ndaona anthu akusiyiratu kudzaza chifukwa cha kutopa kumeneko.

Ngati muli pakati, muli ndi zonse ziwiri ndipo ndalama ndi ya press imodzi, ine ndingatenge turret, koma ndingaigwiritse ntchito ngati single-stage poyamba. Palibe chokukakamizani kutembenuza mbale pa chigoba chilichonse. Pa ya Lee chotsani kandodo kotembenuza kaja, pa zinazo ingosiyani mbale pamalo amodzi. Dutsitsani zigoba zonse mu die yoyamba, tembenuzani kamodzi, dutsitsaninso zonse. Mukatero muli ndi loading block, muli ndi tochi, muli ndi mpata wophunzira mmene ntchito iliyonse imamvekera m'dzanja: kulimba kwa chigoba chosapakidwa mafuta okwanira, kufewa kwa primer yolowa m'bowo lomwe lakula, kukana kwa mutu umene wakhala mopendeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimenezi dzanja limaphunzira likamachita ntchito imodzi maulendo 50 motsatizana, ndipo siliphunzira bwino likamadumphadumpha pakati pa ntchito zinayi. Patapita zipolopolo mazana angapo zopanda vuto, bwezerani kandodo kaja pa zipolopolo za pisitolo, za mfuti yaitali muzipitiriza m'magulu.

Tsiku loyamba

Press itamangidwa, wonga ndi ma primer zikhale m'kabati, zisafike patebulo. Tsiku loyamba ndi lokhazika ma die. Werengani pepala lomwe labwera ndi ma die anu, chifukwa kakhazikidwe ka die ya pisitolo ya carbide (chitsulo cholimba kwambiri) n'kosiyana ndi ka die yachitsulo ya mfuti yaitali. Sankhani zigoba zanu pounika m'kati: chokhala ndi bowo limodzi pakati ndi cha primer ya Boxer, chimenecho chimadzazidwanso mosavuta, chokhala ndi timabowo tiwiri m'mbali ndi cha Berdan, chimathyola kasingano kochotsera primer, chiikeni padera. Zigoba zachitsulo ndi za aluminiyamu nazonso zichotseni. Za phewa muzipake mafuta ake mopyapyala pathupi, osati paphewa, poti mafuta ochuluka pamenepo amabonyola mkuwa. Musalowetse chouma mu die, chimakanirira momwemo ndipo kuchichotsa ndi ntchito ya madzulo onse.

Kenako pangani chipolopolo chachitsanzo, chopanda primer ndi chopanda wonga. Khazikani mutu pang'onopang'ono, mukuyeza ndi caliper, mpaka kutalika konse kufike pa muyeso wofalitsidwa. Chiyeseni mu case gauge, kachitsulo koyesera ngati chipolopolo chikukwana, kapena mu chamber ya mfuti yomwe mwatsimikiza kuti ilibe chipolopolo ndipo yaloza kotetezeka. Chikalowa ndi kutuluka bwino, mangani mphete za ma die. Lembani pa chigobacho ndi cholembera chosafufutika mtundu wa mutu ndi kutalika kwake, muchisunge m'bokosi la ma die, kuti tsiku lina mukadzafuna kubwezera die pamalo pake mudzayambire pa icho.

Mawa lake, mutapuma, tulutsani wonga ndi ma primer. Dzazani 10 zokha pa muyeso wotsika, muyeze wonga wa chigoba chilichonse pa sikelo, muunike ndi tochi, ndipo pabokosi mulembe tsiku, dzina la wonga, muyeso wake, primer, mutu ndi kutalika. Mukakaziwombera, tolani zigoba zonse 10, muziyang'ane chimodzichimodzi ngati pali mng'alu, primer yophwatalala kapena chigoba chomwe chinavuta kutuluka, musanadzaze zina.